Za malume aja analumidwa ndi njoka

Sabata yatha ndinafunsa zoti tichite malume anga atalumidwa ndi njoka akusosa m'munda kwathu ku Kunthembwe. Ambiri munati tisamange mwendo, tisatemepo mphini, tisayamwe bala, koma tithamangire nawo kuchipatala. Zikomo kwambiri, abale anga.

Inali mphiri. Iyo sithawa munthu, imangoti phee m'zinyalala mpaka uiponde. Uthenga wanu pomwe umafika kumudzi n'kuti anthu atamanga kale mwendowo ndi mphira wa njinga. Pachipatala chaching'ono chapafupi panalibe mankhwala othana ndi ululu wa njoka, ndiye anatitumiza ku Queen Elizabeth. Tinafika mwendo utatupa mpaka m'bondo, khungu litakungika ngati ng'oma, matuza akuda atatuluka pamwamba pa phazi.

Adokotala anandifotokozera kuti ululu wa mphiri umaononga mnofu, ndipo kumanga kumangowonjezera vuto chifukwa magazi sayenda. Zinandiwawa mumtima, poti omangawo ankafuna kupulumutsa moyo.

Lero malume akumwa phala okha ndipo kutupa kwayamba kuphwa, ngakhale bala akulitsukabe tsiku lililonse. Ndawagulira magambuti ku Limbe, asadzalowenso m'munda atavala mapatapata.