Kodi mawailesi a m'manja amafuna chilolezo kuno ku Tete?

Wofunsa, ku Ulónguè:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwezi wathawu alamu anga anandibweretsera mawailesi awiri a m'manja kuchokera ku Johannesburg, aja mumadina batani polankhula n'kulisiya kuti mnzanu ayankhe. Ndalama ndinawapatsa chaka chatha, koma anayamba azigwiritsa ntchito zina, moti mayi a kunyumba anakhala miyezi itatu osalankhulana ndi mlongo wawoyo. Ine ndi mnzanga timakonda kukwera phiri la Dómuè Loweruka, ndipo kuseri kwa phirilo foni imasowa netiweki. Tsopano mnansi wanga, amene sandifunira zabwino chikanganirane za malire a dimba, akuuza anthu kuti ndikusunga zida za apolisi. Tulo sindikuliona, ndipo mawailesiwo ndawakulunga m'chitenje n'kuwabisa pansi pa thumba la chimanga. Kodi ndimangidwa?

Mlonda wakale, ku Moatize:
Achimwene, kawaponyeni m'chimbudzi lero lomwe. Ine ndagwira ulonda zaka zambiri, ndipo mawailesi athu onse anali ndi mapepala amene abwana ankalipira. Nditapuma ntchito ndinagula anga anayi kuti ndizilankhulana ndi ana kumunda, koma anandilanda onse pa chipata china cha pamsewu, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi machaja okha m'jumbo. Munthu wamba alibe gawo pa zinthu zimenezi.

Mphunzitsi, ku Tsangano:
Bambo a ku Moatize, musamuopseze munthu. Amene amayang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno la Mozambique ndi bungwe la INCM, potsatira lamulo la zamtokoma nambala 4/2016, ndipo ndi lomwe limapereka chilolezo komanso kuvomereza mtundu wa chida, zimene pa Chipwitikizi amati homologação. Koma a ku Ulónguè, mwatiuza za alamu ndi za dimba, chikhalirecho simunatiuze dzina la wailesiyo ndi mphamvu yake. Yankho lagona pamenepo.

Mlonda wakale:
Aphunzitsi, malamulo a m'buku ndi ena, za pamsewu ndi zina. Kodi inu munayamba mwaimitsidwapo dzuwa likuswa mtengo, chapa ikukusiyani, inu mukufotokoza za nambala 4?

Mayi wa geni, ku Zóbuè:
Mwana wa achemwali anga ku Mwanza anati nkhani zotere zimapita ku MACRA, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi. Bwanji osangodutsa pa chipata cha malire cha Calómuè n'kukafunsa ku Dedza, poti ndi pafupi kuposa ku Maputo?

Mphunzitsi:
Mayi, MACRA ndi ya ku Malawi, ndipo pepala lake silingamuteteze munthu amene akulankhulira pa wailesi ali ku Angónia, boma la kuno ku Mozambique kumene kuli Ulónguè.

Mnyamata wa njinga yamoto:
Mafundewo akadzafika pa malire adzaonetse okha pasipoti. Koma bambo, chotsani mawailesi pansi pa chimanga, anankafumbwe angayambe kuitanizana anzawo a m'nkhokwe zina.

Wokonza mawailesi, mumzinda wa Tete:
Ndiloleni nditalikitse pang'ono, chifukwa apa pakusakanizidwa zinthu ziwiri. Pali timawailesi tolankhula pa mafunde a 446 MHz, ta mphamvu ya theka la wati, ta mlongoti wosachotseka, timene ku Ulaya ndi ku South Africa anthu amagwiritsa ntchito popanda chilolezo. Ufulu umenewo ndi wa mayiko amenewo, choncho ngakhale wailesi yanu itakhala yotero, kafunseni ku INCM musanadine batani. Palinso mawailesi onga Baofeng UV-5R, amene amafika mawati pafupifupi 5 ndipo amalankhula kuyambira 136 mpaka 174 MHz komanso 400 mpaka 520 MHz. Vuto lake ndi lakuti m'kati mwa manambala amenewa muli njira za anthu ena, monga 156.8 MHz imene zombo zimaitanirapo thandizo pa ngozi, ndipo munthu wosadziwa angathe kulowapo akungoseweretsa mabatani. Okonda wailesi ngati chosangalatsa ali ndi gawo lawo, 144 mpaka 146 MHz, koma amakhala ndi chilolezo ndi chizindikiro choitanirana, chimene kwathu kuno chimayamba ndi C9 pamene ku Malawi chimayamba ndi 7Q. Gawo limenelo si lochitirapo malonda.

Mlonda wakale:
Manambala onsewa a chiyani? Ine anga aja sanandifunse za C9 pondilanda. Amisiri inu mumafuna anthu azigula zinthuzi kuti zikafa muzidyerapo.

Wokonza mawailesi:
Akulu, anu aja analandidwa chifukwa munalibe pepala lililonse, ndipo mwanena nokha.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ngakhale mutu wangowonjezera kuzungulira. Mawailesiwo ndi akuda ndipo ali ndi katochi pamwamba. Bokosi lake alamu anataya m'njira poti linkadzaza chikwama, ndipo lisiti akuti analibe nthawi yoitenga, zimenenso sindikuzikhulupirira.

Wokonza mawailesi:
Bambo, chotsani batire, dzina ndi manambala ake zalembedwa pa kapepala kamene kali kumsana kwa wailesiyo. Mujambule mutitumizire, ndipo chithunzi chomwecho mukachionetse ku INCM.

Mlonda wakale:
Akajambula n'kuika pano, ndiye kuti mnansi uja wapeza umboni. Ine ndanena kale za chimbudzi.