Mafunso a mpikisano okhudza banja la a Ewing

Mayi wa ku Kabwata:
Abale, gulu lathu la okonda sewero la pa TV la ku America lotchedwa Dallas limakumana Loweruka lililonse kuno ku Kabwata, ndipo mwezi uno andipatsa udindo wokonza mafunso a mpikisano okhudza banja la a Ewing. Ngakhale kuti J.R. Ewing, mmodzi wa ana a m'banjali, anali wachinyengo kotheratu, mtima wanga sunachoke pa iye, chifukwa akangomwetulira atavala chipewa chake chachikulu chija, ndinkadziwiratu kuti wina alira posachedwa. Kodi ndifunse zotani zimene zingasiyanitse odziwadi ndi ongomva kwa anzawo?

Bambo wa ku Matero:
Mayi, yambani ndi zosavuta, monga zakuti seweroli linayamba mu 1978 n'kutha mu 1991, kuti famu ya banjali inkatchedwa Southfork, komanso kuti Larry Hagman ndiye ankasewera J.R. Funso lomaliza likhale lakuti ndani anawombera J.R. mu 1980, popeza ambiri amathamangira kutchula mkazi wake Sue Ellen, pamene anali Kristin, mng'ono wake wa Sue Ellen yemweyo.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Ine ndikupempha kuti musaiwale Cliff Barnes. Udani wake ndi J.R. unachokera kwa makolo awo, Digger Barnes ndi Jock Ewing, amene anakangana pa nkhani ya mafuta, ndipo unakula kwambiri Pamela, mlongo wake wa Cliff, atakwatiwa ndi Bobby Ewing, mng'ono wake wa J.R. Amene angalongosole zimenezi bwinobwino ayenera kupatsidwa mphoto.

Mayi wa ku Kabwata:
Zikomo kwambiri. Funso la Kristin ndalilemba kale m'kope langa.