Buku la Mma Ramotswe: ndi la ukazitape kapena longoseketsa?

AmakeChisomo: Anzanga, dzulo ndamaliza The No. 1 Ladies' Detective Agency, lija la Alexander McCall Smith la mu 1998. Ndinaliyamba m'basi pochokera ku Lusaka. Pa Luangwa Bridge anthu onse anatsika kukagula nsomba zouma, ine ndili phee pampando, kuseka ndekha mpaka kondakitala kudzandisuzumira.

Pandipha ndi pa mdala uja anafika kwa mayi wina n'kunena kuti ndi bambo ake amene anasowa kalekale. Basi n'kukhazikika, kudya, kugona, kutuma. Mma Ramotswe, mayi wofufuza milandu wa ku Botswana, anangovala zaunesi, n'kumuuza kuti mwana wake wachita ngozi, pakufunika magazi a bambo ake, ambiri ndithu moti mwina iye sapulumuka. Mdala ubambo unathera pomwepo! Kwathu ku Kapata tinasungapo "amalume" otero miyezi 4, palibe anaganiza nzeru imeneyi.

Koma alamu anga akuti limeneli si buku la ukazitape, ati wofufuza wanji wongokhalira tiyi. Inu amene munawerenga mukuti bwanji?

Mphunzitsi_Katete: Amake Chisomo, alamu anuwo sanalakwe kwenikweni. Ine ndimafuna mlandu umodzi wondisowetsa tulo mpaka tsamba lomaliza. Umu milandu ndi ing'onoing'ono, usanakhale bwino wathetsedwa kale. Amene anandisangalatsa ndi mlembi wa mu ofesi yake, Mma Makutsi, ndi 97 peresenti yake ya ku koleji. Pasukulu pathu alipo wotero, satifiketi ili mu fulemu.

WakuMfuwe: Ine nkhani yanga ndi ng'ona. Mwamuna anasowa pa ubatizo kumtsinje, Mma Ramotswe n'kupita usiku ndi mfuti, galu ngati nyambo, kuiwombera, kuitumbula, kupezamo wotchi. Ndinaseka, koma amayi, amene anakulira m'mbali mwa Luangwa akudziwa kuti chikopa cha ng'ona si cha mbuzi. Ndiponso kuno ng'ona ikaphedwa anthu amayamba kufunsa za ndulu, kuti yapita kuti ndipo waiona ndani. Munthu kuitumbula yekha usiku, m'mawa mwake akayankha kwa amfumu.

GogoNaPhiri: Ana inu mwaiwala mnyamata wa mphunzitsi uja anabedwa chifukwa cha zizimba? Pamenepo sindinaseke. Ndinatseka buku, n'kutuluka kukaona adzukulu ngati ali pabwalo. Ndiye musati mulibe mlandu waukulu. Ulimo, kungoti wolemba sakuwa nawo. Ndipo mayiyu amagwira anthu chifukwa amamvetsera, monga ankachitira anamkungwi athu: amakusiya ulankhule mpaka udzikole wekha.

AmakeChisomo: Agogo mwanena zoona, pamenepo nanenso mtima unali m'mwamba. Aphunzitsi, tiyiyo ndiye msampha wake, munthu akamwa pakamwa pamamasuka. China chimene alamu anakwiya nacho n'choti anagulitsa ng'ombe zimene bambo ake anamusiyira kuti atsegule ofesi ku Gaborone. Iwo ndi Angoni a ku Mtenguleni, ati khola lonse kupita chifukwa cha desiki ndi ketulo! Anafika tsamba limenelo n'kulitseka.

Mphunzitsi_Katete: Ndiye auzeni abweze bukulo, ndikubwera ku Chipata Loweruka. Langa wina anabwereka chaka chatha, mpaka lero zii.