Woyandikana nane akugulitsa popanda lisiti, makasitomala andithawa

(Zokambiranazi zinachitika pa nthawi imene VAT, msonkho umene umaikidwa pa mtengo wa katundu, inali 16.5 peresenti, ndipo malisiti a msonkho ankatuluka m'makina a EFD.)

Mayi a hardware, Malangalanga:
Anzanga a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru ndisanatseke shopu. Ndinalembetsa VAT chaka chatha, makina a EFD ndili nawo, ndipo aliyense wogula amatuluka ndi lisiti. Koma bambo a shopu yoyang'anana nane, kasitomala akangolowa amamufunsa chapansipansi kuti "mukufuna lisiti kapena ayi?" Akati ayi, mtengo umatsika. Ndowa ya penti ya malita 20 tonse timapikula malo amodzi pa K116,500. Ine ndimaikapo K20,000 yanga, kenako 16.5 peresenti ya boma, nkufika pa K159,000. Iwowo akugulitsa K135,000. Dzulo mmisiri wopenta amene wakhala akugula kwa ine zaka zinayi wangondipatsa moni wa patali, nkuwoloka msewu, ndowa ziwiri wakatenga kumeneko ine ndikuona. Ndichite chiyani?

Achimwene a malata, Limbe:
Amayi, musadzipweteke. Mumzinda muno ndani amamenya lisiti pa chilichonse? Chiigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 anthu alibe ndalama, amayang'ana mtengo basi. Lisiti muzipereka kwa amene wapempha, ena onse azingopita. Ana sadya chilungamo.

Bambo a misomali, Mzuzu:
Achimwene a ku Limbe, malangizo amenewo ndi okoma pakamwa pokha. Mlamu wanga ankachita zomwezo. Tsiku lina kunabwera mnyamata wovala jini, anagula maloko awiri, anatuluka popanda lisiti, patapita mphindi khumi anabwerera ndi anzake atanyamula ziphaso za MRA, bungwe lotolera msonkho. Chindapusa chake chinameza mpamba wa miyezi ingapo. Panopa akugulitsa zigumu.

Owerengera ndalama, Area 3:
Amayi a ku Malangalanga, nkhani ya oyandikana nawo iyambe yaima kaye pambali. Vuto lalikulu lili m'masamu anu. Ndifunse: pa lisiti imene amakupatsani kopikulako, K116,500 ija inalembedwa bwanji? Sipali mzere wa VAT pansi pake?

Mayi a hardware, Malangalanga:
Ndayang'ana. Palembedwa K100,000, kenako VAT K16,500.

Owerengera ndalama, Area 3:
Ndiye mwaona pamene pakudontha. Ndowayo simunagule K116,500 ayi, munagula K100,000. K16,500 inayo ndi msonkho umene munalipiriratu, ndipo poti munalembetsa VAT, mumayenera kuichotsera pa imene mukapereke ku MRA pakutha pa mwezi. Inuyo mukuika msonkho pamwamba pa msonkho unzake, kasitomala nkumasenza kawiri.

Tiwerengere limodzi. K100,000 kuphatikiza phindu lanu la K20,000 ndi K120,000. VAT ya pamenepo ndi K19,800. Mtengo wa pa shelefu ukhale K139,800, osati K159,000. Pa K19,800 imene mwatolera muchotsepo K16,500 imene munasiya kopikula, zotsala ndi K3,300. Imeneyo ndiye ya boma pa ndowa imodzi. K20,000 yanu ili chikhalire, palibe waikhudza.

Tsono kusiyana kwanu ndi bambo aja si K24,000 monga mumaonera, ndi K4,800. Ndifunsenso: pa fomu ya mwezi ndi mwezi ya pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti lija, gawo la msonkho wa zogula mumalembamo chiyani?

Mayi a hardware, Malangalanga:
Amandilembera ndi mwana wa mchemwali wanga. Akuti pamenepo amangoika ziro chifukwa sankadziwa kuti ndi pa chiyani. Mayo ine. Miyezi khumi ndi iwiri yonseyi?

Owerengera ndalama, Area 3:
Pepani, koma inde. Mwakhala mukupereka yonse osachotsera kanthu. Sonkhanitsani malisiti onse a kopikula, oonetsa TPIN (nambala ya msonkho) ya wogulitsa ndi VAT payokha, mupite nawo ku ofesi ya MRA mukapemphe kukonza mafomu a m'mbuyo. Musachedwe, chifukwa malisiti akale kwambiri amawakana. Ndipo fomu ya mwezi uno isadutse pa 25 mwezi wamawa, kuchedwa kuli ndi chilango chake.

Mayi a matailosi, Zomba:
Ndiwonjezere kanthu kamene kanandiliza ine. Pepala la makina a EFD limafufutika. Ndinkasunga malisiti m'katoni ya nsapato pafupi ndi zenera, dzuwa linawawomba, nditatsegula ndinapeza timapepala toyera ngati sipanalembedwepo. Panopa lisiti ikangofika ndimaijambula pa foni, Loweruka nkukapanga fotokope, yeniyeniyo nkuimata ndi sitepula kuseri kwake. Ndi ntchito yotopetsa koma ndi ndalama imeneyo.

Achimwene a malata, Limbe:
Chabwino, masamu ndamva. Koma K4,800 ikadalipo. Munthu womanga kanyumba kake ku Chinsapo saisiya imeneyo.

Owerengera ndalama, Area 3:
Zoona, ameneyo mwina apitabe uko. Koma si onse ogula amene ali choncho. Kontilakitala wolembetsa VAT, akagula kwa amayiwa pa K139,800, K19,800 ija amakaichotsera naye, ndiye ndowa yamutuluka pa K120,000. Akagula K135,000 popanda lisiti, yonseyo yapita, ndipo alibe pepala loonetsa bwana wake. Kwa munthu ngati ameneyo amayi ndi amene akutchipa, ndi K15,000 yathunthu. Chimodzimodzi masukulu, mipingo ndi mabungwe: sangatulutse ndalama popanda kotesheni ndi lisiti, ndipo maofesi a boma amafunanso tax clearance certificate, chikalata cha MRA choonetsa kuti za msonkho zanu zili bwino. Kumeneko bambo aja sangapondeko.

Za iwowo ndinenepo pang'ono. Akanakhala kuti bizinesi yawo ndi yaing'ono, yosafika pa mlingo wolembetsera VAT, sakanalakwa kugulitsa popanda kuika msonkho. Koma munthu wofunsa kuti "lisiti kapena ayi" ndiye kuti makina ali nawo pansi pa kauntala. Ngati akuchotsera K16,500 ya kopikula koma kugulitsako osakuonetsa, pa ndowa akudya K35,000. Kungoti wopikulitsa uja amapereka mafomu ake, ndipo amaonetsa amene anagula kwa iye. Katundu wolowa wambiri, wotuluka wochepa, mashelefu ali mbee. Funso limenelo likadzabwera adzasowa choyankha.

Bambo a misomali, Mzuzu:
Bwanji osangokawanena? Akubera tonse amenewo, ngakhale ife a kutali.

Mayi a matailosi, Zomba:
Kunena ndi ufulu wawo, ndipo si kulakwa. Koma abambo, inu muli ku Mzuzu. Amayiwa m'mawa uliwonse amasesa khonde loyang'anana ndi anthu amenewo, mlonda wa usiku mwina amasonkherana. Ayambe akonza za m'nyumba mwawo, zinazo aganize mofatsa.

Mayi a hardware, Malangalanga:
Ndabweranso, patha masabata atatu. Malisiti ndinapeza 61, koma 14 ndi ofufutika moti sakuwerengeka. Ndinapita kopikula kuja ndi timapepalato m'manja, mtsikana wa mu ofesi anandisindikizira 9 kuchokera mu kompyuta yawo, 5 otsalawo akuti afufuzabe. Mitengo ndasintha yonse, ndinakhala mpaka 10 koloko usiku ndi kakyuleta ndi choko. Pakhomo ndapachika kabolodi kakuti "Timapereka lisiti ya VAT ndi kotesheni". Kontilakitala wina womanga mpanda wa sukulu ku Area 36 watenga ndowa 12 Lachiwiri. Mmisiri wanga uja sanabwerebe, ndinamuonanso akuwoloka.

Owerengera ndalama, kafunso kena: thiransipoti yonyamulira katundu kuchokera ku Kanengo, mwini lole sapereka lisiti ya makina, amangolemba pa kapepala. Imeneyo ndichotserenso?

Owerengera ndalama, Area 3:
Pa VAT ayi, chifukwa sanakulipiritseni msonkho. Koma kapepalako musataye, asainirepo ndi kulemba nambala ya galimoto, kadzagwira ntchito powerengera msonkho wa pa phindu pakutha pa chaka. Mtengo wa lole muugawe pa ndowa zonse musanaikepo K20,000 yanu.