Mwana sakupezabe bwino chichirireni COVID-19: tichite chiyani?

Bambo wa ku Chamama:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa za umoyo. Mwana wanga wamkazi, yemwe akuphunzira pa yunivesite ina ku Lilongwe, anadwala COVID-19 ali kusukulu. Chifuwa ndi kutentha thupi zinatha, koma miyezi yadutsa thupi lake silinabwerere mwakale. Akapita kukatunga madzi kumjigo amabwerako ali wefuwefu, ndipo mawa lake amangogona tsiku lonse. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti akamawerenga, amaiwala zimene zinali kumayambiriro kwa tsamba asanafike kumapeto. Azakhali ake akuti ndi ulesi wa ana ophunzira, pamene ena akunong'ona zoti walodzedwa. Kodi matendawa angathedi kusiya munthu wachinyamata ali chonchi?

Wazachipatala wa ku Mtunthama:
Pepani bambo, zimenezi zimachitikadi, ngakhale kwa achinyamata amene sanagonekedwe m'chipatala. Mu Okutobala 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza kuti vutoli ndi zizindikiro zimene zimakhalapo patatha miyezi itatu chidwalireni, zimene zatenga miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndipo palibe matenda ena amene angazifotokoze. Zodziwika kwambiri ndi kutopa, kubanika ndi kusokonekera kwa maganizo, zomwezo mwatchulazi.

Mfundo yakuti pasakhale matenda ena ndi yofunika kwambiri kuno kwathu. Chifuwa chachikulu, malungo ndi kuchepa kwa magazi m'thupi zimafooketsa munthu mofanana, ndipo atsikana ambiri amakhala ndi magazi ochepa osadziwa. Mupite naye kuchipatala chachikulu cha pa boma la Kasungu akamuyeze magazi ndi makhololo, atanyamula buku lake la kuchipatala, ndipo akafotokoze tsiku limene anayamba kudwala. Palibe mankhwala amodzi ochiza vutoli, choncho musataye ndalama za fodya kwa ogulitsa zitsamba amene akulonjeza kuchiza chilichonse. Akamamva kupweteka pamtima kapena kubanika atangokhala pansi, musadikire kuti kuche.

Wophunzira wa ku Nkhamenya:
Bambo, ine zinandichitikira, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri ndi malangizo akuti ndizidzilimbitsa ndi kuthamanga m'mawa. Ndikachita khama lero, mawa ndinkalephera ngakhale kuchapa. Ndinayamba kupepukidwa nditaphunzira kugawa ntchito pang'onopang'ono ndi kupuma ndisanatope, kuphatikizapo powerenga, chifukwa kuganiza nakonso kumatha mphamvu. Chonde muwauze azakhaliwo kuti mwana amene anakhoza MSCE mpaka kusankhidwa kupita ku yunivesite sangayambe ulesi mwadzidzidzi.

Musaiwalenso mbali ya sukulu. Mchemwali wangayo akatenge kalata ya dokotala n'kukaipereka ku ofesi yoona za ophunzira mayeso asanafike, pakuti kupempha kuti alembe nthawi ina kumavuta ngati walephera kale. Ngati akulandira ngongole ya boma, afunsenso kumeneko mmene kupumula kwa chaka kungakhudzire ngongoleyo.

Bambo wa ku Chamama:
Zikomo kwambiri nonse. Tipita ku boma Lolemba, ndipo zotunga madzi tawapatsa azing'ono ake. Funso langa lotsala n'lakuti, kodi akhoza kubayitsabe katemera wa COVID-19 ali chonchi?

Wazachipatala wa ku Mtunthama:
Kudwalapo kale sikuletsa munthu kulandira katemera, koma mukafunse dokotala amene akamuone Lolembalo, zotsatira za magazi zitatuluka.