Ndikonzekere bwanji kuyankhula za John Chilembwe pamaso pa sukulu yonse?

Wophunzira wa Fomu 3:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Aphunzitsi athu a mbiri yakale andisankha kuti ndidzayankhule kwa mphindi zisanu pa asembule, pokonzekera tsiku lokumbukira John Chilembwe la 15 Januwale. Ndalemba masamba atatu, kuyambira ulendo wake wa ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897 mpaka imfa yake pa 3 Febuluwale 1915, koma ndikamawerenga mokweza nthawi imatha ndisanafike pakati, ndipo mawu amanjenjemera. Kodi ndiloweze zonsezi pamtima?

Mphunzitsi wopuma pantchito:
Mwana wanga, usaloweze masamba atatu, chifukwa wongoloweza akaiwala liwu limodzi amaima kakasi osadziwa kolowera. Zaka zimene walembazo anzako adzazipeza m'buku. Chimene akufuna kumva kwa iwe ndi yankho la funso limodzi lokha: zinatheka bwanji kuti m'busa amene anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900, n'kumatsegula masukulu, afike potenga zida pa 23 Januwale 1915? Ufotokoze za thangata wa m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankagwira ntchito yakalavulagaga polipirira malo okhala, utchule za matchalitchi a mishoniyo amene anatenthedwa kumeneko, kenaka ufike pa kalata imene iye analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafera nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene sinali yawo. Nkhani ya ku America uipatse chiganizo chimodzi basi.

Wakale wa kalabu ya mtsutso:
Ndikugwirizana ndi aphunzitsiwa, ngakhale ine ndinganene kuti chiganizo choyamba ndi chomaliza uziloweze ndithu, popeza mantha amakula kwambiri poyamba. Zina zonse ulembe mitu yokha pa kapepala kokwana m'dzanja. Uziyeserera panja osati m'chipinda, ndipo mnzako aime patali n'kumakuuza ngati akumva, chifukwa pabwalo mawu amamwazika.

Mayi wa ana awiri a sekondale:
Mwanawe, K500 ili ndi nkhope ya Chilembwe. Udzaikweze m'mwamba poyamba, uwafunse anzako ngati akudziwa chimene munthuyo anafera, ndipo udzadikire pang'ono usanapitirize kuti funsolo liwalowe.