Kodi kabuku ka njira yowirikiza ndalama pa roulette nkoyenera kugula?

Wofunsa wa ku Kawale: Ndikupereka moni kwa nonse. Pali munthu wina amene akugulitsa kabuku pa mtengo wa K25,000, ndipo akunena kuti m'menemo muli njira yobetchera pa roulette (juga ya pa kasino yoponya kampira pa gudumu lozungulira) imene munthu sangadyedwe nayo ngati akubetcha pa mtundu wofiira kapena wakuda wokha. Wandionetsa tsamba loyamba, pamene palembedwa kuti uyambe ndi K1,000, ukadyedwa uike K2,000, ukadyedwanso uike K4,000, mpaka utapambana, ndipo pamenepo umabweza zonse zimene zinapita ndi phindu la K1,000 pamwamba. Ndawerengetsera papepala ndipo masamu ake akugwirizana. Ndisanatumize ndalamazo ndati ndimve maganizo a inu amene mukuzidziwa bwino zimenezi.

Aphunzitsi a masamu a ku Zomba: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanalipire. Njira imeneyo si ya wogulitsayo ayi. Dzina lake ndi Martingale, ndipo anthu ankabetcha nayo kale ku France m'zaka za m'ma 1700, choncho zimene akufuna kukugulitsanizo ndi zinthu zimene aliyense angaziwerenge kwaulere. Masamu amene mwachita ndi oona, koma mwawachita poganiza kuti thumba lanu silingathe ndiponso kuti tebulo lilibe malire. Gudumu la roulette la ku Ulaya lili ndi timaenje 37, tofiira 18, takuda 18, ndi kamodzi kobiriwira ka ziro. Kampira kakagwera pa ziro, wobetcha pa chofiira ndi wobetcha pa chakuda onse amadyedwa. Tanthauzo lake nlakuti pa maulendo 37 alionse mumayembekezera kupambana ka 18 ndi kudyedwa ka 19, ndipo pa K37,000 iliyonse imene mwaika pa tebulo, K1,000 imatsalira kasino. Ameneyo ndiye 2.7 peresenti imene eni makasino amadalira. Gudumu la ku America lili ndi maziro awiri, timaenje 38, ndipo pamenepo gawo la kasino limafika pa 5.26 peresenti. Kuwirikiza ndalama sikuchotsa ziro pa gudumu.

Wofunsa wa ku Kawale: Zikomo aphunzitsi. Komabe kudyedwa kasanu ndi kawiri motsatizana kukuoneka ngati chinthu chosachitikachitika. Kodi munthu sangapeze phindu lake n'kuchoka tsoka lotero lisanamupeze?

Aphunzitsi a masamu a ku Zomba: Tiyeni tiwerengetsere pamodzi. Mukayamba ndi K1,000 n'kudyedwa kasanu ndi kawiri, ndiye kuti mwaika K1,000, K2,000, K4,000, K8,000, K16,000, K32,000 ndi K64,000, zonse pamodzi K127,000, ndipo kuti mupitirize mukufunika K128,000 ina yoti muike kamodzi kokha pofunafuna phindu la K1,000. Pa gudumu la ziro mmodzi, zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 106 amene mwayamba mndandanda watsopano. Choncho mupambana K1,000 maulendo 105, imene ndi K105,000, kenako ulendo umodzi mutaya K127,000, ndipo mwatsala ndi dzenje la K22,000. Chovuta china nchakuti ulendo woipawo suyembekezera kuti mumalize kaye maulendo 105 abwinowo, chifukwa ukhoza kubwera usiku woyamba womwewo. N'zotheka ndithu kupambana lero n'kubwerera kunyumba ndi kena kake m'thumba, ndipo ambiri amatero, koma munthu amene wagula kabuku sagulira kuti asewere tsiku limodzi lokha.

Mkulu wa ku Johannesburg: Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndiwonjezerepo zimene ndinaona ndi maso anga pa kasino ina kuno. Mnzanga wina wochokera kumudzi kwathu anayamba ndi R50 pa chofiira. Kwa maola awiri zinkamuyendera, ndipo ankalemba chilichonse m'kope laling'ono, wofiira kumanzere, wakuda kumanja. Kenako wakuda anayamba kubwera motsatizana. Pamene ankaika R1,600 manja ake anali akunjenjemera moti tchipisi zina zobetchera, zimene zimaimira ndalama pa tebulo, zinagwera pansi, ndipo pa R3,200 anapita kukatapa ndalama za lendi pa makina a banki amene anali pafupi ndi khomo. Ulendo umenewo kampira kanagwera pa ziro. Anataya R6,350 pa mndandanda umodzi umene cholinga chake chinali kupeza R50. Ngakhale akanakhala ndi ndalama zina, tebulo lililonse limakhala ndi chikwangwani chonena ndalama yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa imene munthu angaike, ndipo malire amenewo amadula kuwirikiza pakati pa ulendo. Wogulitsa kabukuyo mumufunse ngati walembapo za malire amenewa.

Bambo a ku Ndirande: Ine ndiyankhulako mosiyana pang'ono, chifukwa ndinagulapo kabuku kotere ndipo sindinganene kuti sindinapindule nako kalikonse. Munali njira zitatu. Martingale ndinaisiya msanga, koma njira yotchedwa d'Alembert ndimaigwiritsabe ntchito. Ukadyedwa umawonjezera gawo limodzi lokha, ukapambana umachotsa gawo limodzi, motero ndalama sizikwera mothamanga ngati pa kuwirikiza. Kale ndinkabetcha mwachisawawa, lero K5,000, mawa K20,000 malinga ndi mmene mtima wagundira. Kabukuko kanandiphunzitsa kuika malire ndisanakhale pansi ndi kuchoka akakwana. Kodi phunziro limenelo si lamtengo wapatali kuposa K25,000?

Aphunzitsi a masamu a ku Zomba: Bambo, kudziikira malire n'chinthu chabwino ndipo sindikutsutsani pamenepo, koma chimene chakuthandizani ndi malirewo, osati njirayo. Njira ya d'Alembert, imene inatchedwa dzina la katswiri wa masamu wa ku France Jean le Rond d'Alembert, imatsamira pa ganizo lakuti wofiira akachuluka ndiye kuti wakuda wayandikira. Gudumu silikumbukira zimene zachitika kumbuyo. Pa 18 Ogasiti 1913 ku kasino ya Monte Carlo wakuda anabwera ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri chifukwa ulendo uliwonse ankaunjika ndalama pa chofiira poganiza kuti tsopano nthawi yake yakwana. Ulendo wa 26 mwayi wa chofiira unali 18 pa 37, chimodzimodzi ulendo woyamba. Ndi d'Alembert mumadyedwa pang'onopang'ono, ndi Martingale mumadyedwa kamodzi n'kamodzi, koma 2.7 peresenti ya ndalama zonse zimene mwaika pa tebulo imakhala yomweyo. Ngakhale njira ya Paroli, yowirikiza ukapambana n'kuima utapambana katatu, ili ndi vuto lomweli. K1,000 imasanduka K8,000 ukapambana katatu motsatizana, zimene zikanakhala zachilungamo zikanamachitika kamodzi pa maulendo 8, koma chifukwa cha ziro zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 9.

Bambo a ku Ndirande: Ndikuvomereza kuti ndikaphatikiza miyezi yonse ndili pansi, osati pamwamba. Chimene ndimatanthauza nchakuti ndimataya zochepa kusiyana ndi kale.

Mayi a ku Mzuzu: Mundikhululukire kulowerera nkhani imene sindiidziwa kwenikweni pa masamu, koma ndikuidziwa kumbali ya pakhomo. Mlongo wanga ankagwiritsa ntchito njira yowirikizayi pa foni, ndipo chimene chinandiopsa nchakuti njirayo imamuuza munthu kuti nthawi yoyenera kuika ndalama zambiri ndi pamene wadyedwa kale kwambiri. Munthu wopanda njira akadyedwa K30,000 amatha kuchita manyazi n'kusiya, koma iye ankakhulupirira kuti kusiya ndiko kulakwitsa, popeza pepala linkati ulendo wotsatira ubweza zonse. Anakongola ku banki m'khonde kudzera mwa mkazi wake, kenako kwa wakatapila, ndipo ngongole yachiwiriyo tinathandizana kubweza pachibale kwa miyezi inayi. Achimwene a ku Kawale, funso langa ndi limodzi lokha. Ngati njirayo imabala ndalama tsiku lililonse, wogulitsayo akuvutikiranji kufunafuna K25,000 yanu?

Wofunsa wa ku Kawale: Mayi, funso limenelo ndinamufunsa dzulo, ndipo anayankha kuti akufuna kuthandiza anthu. Lero ndamufunsanso za malire a tebulo monga ananenera akulu a ku Johannesburg, komanso ngati angandibwezere ndalama njirayo ikalephera. Wayankha kuti ikalephera ndiye kuti mpamba wanga unali wochepa, ndipo wati munthu ayenera kuyamba ndi K500,000 kapena kuposerapo. Ndawerengetsera monga mwandiphunzitsira, ndipo ndapeza kuti K500,000 imatha kupirira kudyedwa kasanu ndi katatu kokha, kumene kumadya K255,000, chifukwa ulendo wachisanu ndi chinayi umafuna K256,000 pamene ine ndatsala ndi K245,000. Ndamuuza kuti kabukuko sindigula.